Kodi Mtovu Winawo Umapita Kuti?

Kanthuko Shawna anakamva ndi dzino. Ankalawa nyama yogaya ya gwape asanampatse mwana wake Aili, monga ankachitira ndi chilichonse cholowa m'kamwa mwa mwanayo, ndipo pa supuni yachiwiri dzino linagunda kolimba. Analavulira m'dzanja. Kanali kachidutswa kotuwa, kokulirapo pang'ono kuposa njere ya mchenga. Atakakanikiza ndi chikhadabo kanaphwatalala. Atakakhukhuza pakalendala kanasiya mzere ngati wa pensulo.

Aili, wa chaka chimodzi ndi miyezi itatu, anali atayasamula kale pampando wake, uku akumenya thebulo ndi manja onse awiri. Shawna anakankhira mbale kutali, n'kumusendera nthochi.

Za mtovu ankazidziwa. Kuchipatala cha ana anampatsa kapepala konena kuti mtovu ukalowa m'magazi a mwana umafooketsa ubongo mwakachetechete, popanda malungo kapena kulira kulikonse. Kuyambira tsiku limenelo anali atafufuza penti wa m'mawindo a nyumba yakaleyo, mapaipi a madzi, ngakhale dothi la pansi pa khonde. Koma firiji yaikulu ya m'chipinda chapansi anali asanaiganizirepo. Mmenemo munkakhala nyama ya agwape awiri amene apongozi ake, a Reino Heikkinen, ankapha Novembala aliyense, ndipo banja lonse linkadya imeneyo mpaka Novembala winanso.

Mwamuna wake Wade atabwera kuntchito anamuonetsa kachidutswako.

"Ndiye ukufuna ukawauze madala kuti zipolopolo zawo n'zoipa?" Wade anatero akuvula jombo. "Bola ukawauze kuti sauna yawo, kanyumba kosambiramo nthunzi kaja, sitentha. Pamenepo mwina angakukhululukire pofika Khirisimasi."

"Sindikawauza kanthu. Ndikungofuna ndikafunse."

"Kufunsa kwako ine ndimakudziwa. Mkamwini ndine, ndimakudziwa bwino."

"Ndiwe mkamwini wa ndani m'nyumba ya bambo ako? Gwira mwanayu."

Zoona nyumbayo inali ya a Reino. Shawna ndi Wade ankakhala m'zipinda zam'mwamba, ndipo zaka ziwiri zonsezo Shawna ankayenda mosamala ngati munthu wosenza mazira. Anatsika masitepe kupita kuchipinda chapansi.

A Reino anali pabenchi yawo yogwirirapo ntchito, magalasi ali pansonga ya mphuno. Kunali kutatsala milungu itatu kuti nyengo yosaka itsegulidwe pa 15 Novembala. Iwo sankagula zipolopolo zopangiratu. Ankagula mitu payokha, onga paokha, zigoba pazokha, n'kumalumikiza okha chimodzichimodzi monga ankachitira bambo awo.

"Bambo, ndilowe?"

"Walowa kale. Usagwedeze benchi, ndikuyeza onga."

Shawna anadikira mpaka kamuvi ka sikelo kataima, kenako anafunyulula pepala limene anakulungamo kachidutswa kaja. "Taonani aka. Kanali m'nyama ya Aili."

A Reino anasuzumira. "Fupa."

"Fupa sililemba, Bambo." Anakakhukhuza papepalapo.

"Chabwino, ndi kamtovu. Kamodzi kokha. Wade analavula tambirimbiri totere ali mwana, ndipo taona mmene wakulira."

"N'zimene zikundiopsazo."

Mawuwo anangopulumuka. Shawna anagwira pakamwa, koma mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Atapukuta misozi anatambasula mkono pashelefu n'kutsitsa chitini chakale cha khofi. Anakhuthula zam'katimo pabenchi. Zinali zipolopolo zimene anazitulutsa m'matupi a agwape pa zaka zonse zimene akhala akusaka, chilichonse chomatidwa kapepala ka chaka chake. Zonse zinali zophwatalala kumutu, zotambasuka ngati bowa.

"Ukuona kukongola kwake? Chimalowa chili chowonda, chikafika m'kati chimatambasuka, mphamvu yonse n'kuisiya momwemo. Gwape amangoti khu, pomwepo. Zaka 43, mwanawe, sindinatayepo nyama ngakhale imodzi."

Shawna anatola chimodzi ndi nsonga za zala. Mantha anali akadalipo, koma pansi pa manthawo panali chinthu china chimene chinkamuyabwa. Kusekondale ankakonda masamu, ngakhale sanapite nawo patali.

"Chikamatuluka mumfuti chimalemera bwanji?"

"Mageleni 150." Sikelo ya onga inkawerenga m'mageleni, timiyeso tochepetsetsa.

"Nanga ichi, mmene chililimu?"

A Reino anachiika pasikelo, n'kusuntha timiyala take. "94. Chinagwira ntchito chimenechi. Anali tonde wa nyanga za nthambi zisanu ndi zitatu."

"Ndiye mageleni 56 enawo ali kuti?"

"M'bala. Ndimadula mozungulira bala lonse, kukula kwa chikhatho, n'kuwatayira akhwangwala."

"Nanga aka kafika bwanji m'mbale?"

A Reino anayamba kubwezera zipolopolo m'chitini chimodzichimodzi. Shawna ananena zimene anatsikira, maso ali pansi: kuti mpaka atadziwa kumene mtovu winawo umapita, Aili sadyanso nyama ya gwape.

"Mwana wa kwa Heikkinen osadya gwape," anatero mkuluyo, ngati akuwerenga mawu a chinenero chachilendo. "Tseka chitseko ukamatuluka."

Shawna anasamba m'manja katatu asananyamule mwana.

Masiku anayi otsatira patebulo panali zii. Aili ankadya nkhuku ya kusitolo, ndipo agogo ake ankayang'ana nkhukuyo ngati mlendo wosaitanidwa. Kale ankakonda kumuduladulira mwanayo tinyama ndi mpeni wawo wa m'thumba n'kumamudyetsa okha. Tsopano ankadya msangamsanga n'kutsikira kubenchi. Shawna ankaona zonsezo, ngakhale mmene ankasiyira mpeniwo m'thumba osautulutsa.

Nthawi imene Aili ankagona masana, iye ankawerenga pafoni. Anapeza kuti kuli mitu ya zipolopolo ya mkuwa wokhawokha, yopanda mtovu. Tsiku lachisanu anafulula khofi, anadula buledi wotsekemera wotchedwa nisu, n'kutsika nazo.

"Zamkuwazo ndimazidziwa," a Reino anamudula asanamalize. "Anzanga a Toivo Maki anaziyesa zitangotuluka kumene. Chinangoboola ngati singano, kulowa uku kutulukira uko. Gwapeyo anathawira kudambo la mikungudza, tinamufuna masiku awiri. Mafupa ake tinawapeza chipale chofewa chitasungunuka." Anaviika buledi m'khofi. "Kupha nyama si tchimo. Koma kuivulaza, ikafere kutali yokhayokha, limenelo ndiye tchimo."

Shawna anaona kuti si makani okha. Mkuluyo nayenso anali ndi chimene ankachiopa.

"Ndiye munthu angaone bwanji zimene chipolopolo chimachita m'kati, popanda kuyesera pa nyama?"

"Zigubu za mkaka. Umazidzaza madzi, kuzindandalika, n'kuombera. Tinkachita zimenezi tili anyamata, ine ndi Toivo. Chipolopolo umakachipeza m'chigubu chachinayi kapena chachisanu."

"Nanga madziwo munkawaona?"

"Madzi? Munthu uziona madzi chifukwa chiyani? Tinkafuna chipolopolo ife."

"Ine ndikufuna madziwo."

A Reino anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe bwenzi uli wapolisi," anatero. Koma buledi anamumaliza.

Zigubu khumi ndi ziwiri Shawna anazipeza kwa amayi a kutchalitchi ndi kwa aneba, aliyense akufunsa ngati wayamba kuweta ng'ombe. Wade anabweretsa bokosi la mitu ya mkuwa kuchokera kwa mnzake wa kuntchito, ndiponso mgolo waukulu wapulasitiki. A Reino analumikiza zinayi akung'ung'udza. Anati mkuwa ndi wopepuka, choncho mutu wake umakhala wautali n'kudya malo m'chigoba, ndipo munthu wothira onga wofanana ndi wa zakale ndiye kuti watopa ndi nkhope yake. Anatsegula buku la miyeso n'kuyambira pa muyeso wotsikitsitsa.

Loweruka m'mawa udzu unali utayera ndi chisanu. Aili anamusiya kwa aneba. Kuseri kwa munda wa mbatata, pamene panali chulu cha mchenga choomberapo, anagoneka mgolo chammbali, kukamwa kwake kutaloza kumene kunali mfuti, n'kundandalika zigubu zisanu ndi chimodzi m'kati mwake. Shawna anatseka makutu ndi zotsekera ziwiri, zam'kati ndi zapamwamba.

"Madala, musaphonye," anatero Wade. "Chigubu sichithawa, manyazi ake angakhale aakulu."

"Iwe unaphonyapo nkhokwe uli m'kati mwake. Choka pamenepo."

A Reino anayamba ndi chakale cha mtovu. Mfuti inalira, mgolo unadumpha, madzi anathovokera kunja ngati utsi. Shawna anafika pamgolopo woyamba. Zigubu zitatu zoyambirira zinali zitang'ambika, chachinayi chinali ndi bowo, ndipo m'kati mwake munali bowa wa a Reino, wokongola ngati a m'chitini aja. Mkuluyo anamunyamula m'mwamba.

"Waona?"

"Ndaona. Wade, pendeketsa mgolowu pang'onopang'ono."

Anali atamanga thewera loyera lansalu pakamwa pa ndowa. Anasefa madzi onse otsala mumgolo, n'kutsukuluza chigubu chilichonse pachokha. Madzi atatha kudontha anayala theweralo pabonati ya galimoto, padzuwa.

Poyamba ankangoona tizidutswa tinayi kapena tisanu, tonga kamene kanamugunda dzino. Atawerama anaona tina tochepa kuposa pamenepo, kenako tina tochepa kuposa timeneto, mpaka pakati pa thewera pamene panali potuwa ngati padutsa chala cha phulusa. Dzuwa likawomba, phulusalo linkanyezimira. Anayesa kuwerenga, anafika makumi asanu ndi limodzi n'kusiya. Anakumbukira mbale zonse zimene Aili anali atadya kale, koma maso sanathe kuwachotsa pamenepo. Sanayembekeze kuti chinthu cholimba chotero chingasanduke fumbi.

"Bambo, tabwerani ndi magalasi anu."

A Reino anawerama. Anapaka chala pa phulusalo n'kuchiyang'ana. Anatenga chigubu choyamba chong'ambikacho, n'kuona timabowo tating'onoting'ono m'mbali mwake, tina m'mwamba, tina pansi, kutali ndi njira ya chipolopolo. Anaika chikhatho chawo pamenepo, monga ankayezera podula bala. Timabowo tinapitirira chikhathocho mbali zonse.

"Hm," anatero. Kenako: "Ikani zigubu zinazo."

Chamkuwa chinaboola zigubu zisanu n'kukaima m'chomaliza. Chinali chitatambasuka timasamba tinayi topindikira kumbuyo ngati duwa. Pathewera lachiwiri panalibe kanthu, kupatula tizidutswa ta pulasitiki. Sikelo inali m'galimoto. Chinatuluka mumfuti chili mageleni 130, ndipo anachipeza chili 129.

"Si singano imeneyi," Shawna anatero motsitsa mawu.

"Madzi si gwape," anayankha a Reino, akulitembenuza duwalo m'dzanja. "Koma chatseguka, pamenepo sindikana. Zasintha kuyambira nthawi ya Toivo. Tiyeni tione papepala."

Papepala ndi pamene zinaipa. Anaombera zitatu zotsalazo ali patali mayadi zana limodzi, mfuti itatsamira pathumba la mchenga. Mabowo anamwazikana, lina kumwamba, lina kumanzere, moti mbale yodyera sikanawaphimba onse. Kenako anaombera zitatu zakale. Mabowo ake anagundana.

"Basi, mfuti yazikana," anatero a Reino. Sananyade. Anangoyamba kupinda thumba la mfuti. "Ndi zimenezi ndingalase m'mimba m'malo mwa mtima. Sindingapite nazo kutchire."

Shawna anaima ndi mathewera awiri m'manja. Akanatha kulira, koma funso linatsogola.

"Imazikana chifukwa chiyani? Mfuti imadziwa bwanji?"

"Mfuti iliyonse ili ndi muyeso wake wa onga umene imaukonda. Mpope wake umanjenjemera chipolopolo chikamadutsa. Ukapeza muyeso wake, zonse zimatulukira pamalo amodzi."

"Wa zakalezi munaupeza bwanji?"

"Bambo anga ndi amene anaupeza. Umalumikiza zitatu, kuombera. Kuonjezera onga pang'ono, zitatu zina, kuombera. Uku ukuyang'ana zigoba ngati zayamba kuonetsa kuti mphamvu yachuluka, ndipo malire a m'buku sudumpha. Ndi ntchito ya chilimwe imeneyo, osati ya milungu iwiri. Ndiponso maso angawa akayeza zisanu ndi chimodzi, kamuvi kamasanduka tiwiri."

"Anga saona tiwiri."

Wade anaseka. "Madala, mwaputa mavu. Ameneyu amayeza madzi osambitsa mwana ndi chigongono, kenako ndi choyezera kutentha, kenako n'kundifunsanso ine."

Anayamba Lolemba. Aili akangogona masana, Shawna ankavala malaya akale a Wade, amene ankawasiya pansi pomwepo, n'kukhala pasikelo. Ankadonthetsa onga kambewu kamodzikamodzi mpaka kamuvi kataima pamzere, kenako ankachotsa kambale n'kukabwezeranso kuti aone ngati sikelo sinaname. A Reino ankakanikiza mitu. Khutu limodzi la Shawna linkakhala kumasitepe, kumvetsera ngati mwana wadzuka.

"Ukuyeza ngati mankhwala," ankadandaula mkuluyo. "Gwape adzafa ndi ukalamba tisanamalize."

Koma ankayankha mafunso ake onse. Chifukwa chiyani zigoba zina amazitaya? Chifukwa chiyani mutu suyenera kukhudza mizere ya mumpope? Onga wina amayaka msanga bwanji kuposa wina, pamene onse ndi akuda? Tsiku lina Shawna anazindikira kuti walankhula ndi apongozi ake ola lathunthu osayamba wakonzekera mawu mumtima.

Muyeso wachiwiri unamwazikana. Wachitatu unabwera pafupi, kenako mvula inagwa masiku atatu ndipo sanathe kuombera. Shawna ankayang'ana kalendala. Muyeso wachinayi unali woipa kuposa onse, ndipo a Reino anatukwana m'Chifinishi. Wachisanu anauyesa kutatsala masiku awiri. Atafika papepala, mkuluyo anavula chivindikiro cha fulasiki n'kuphimba mabowo atatu onse.

"Mwina ndi mwayi," anatero. Anaombera zitatu zina. Sunali mwayi.

Pa 15 chipale chinagwa chochepa. A Reino anatuluka kukuyera, atavala chijasi chawo chalalanje. Shawna anaona kuti m'thumba lakumanja aikamo zamkuwa, koma m'thumba lakumanzere munalinso zakale zitatu.

Cha m'ma eyiti anamva mfuti kuchokera kudambo, kamodzi kokha. Zaka zonse, mfuti ikalira chotero, pasanathe ola a Reino ankaimba foni kuti Wade abwere ndi chikoka chokokera nyama pachipale. Ola linatha. Shawna anatsuka mbale zotsuka kale. Anasintha Aili thewera louma. Anaima pawindo la kukhitchini mwana ali m'chiuno, akuganiza za mafupa a gwape wa a Toivo, ndi za nkhope imene apongozi ake adzalowe nayo pakhomo. Ola lachiwiri linatha. Wade anavala jombo n'kupita osaitanidwa.

Anatulukira m'mitengo dzuwa lili pamutu, Wade akukoka, a Reino akutsimphina pambuyo. Pachikokapo panali gwape wamkazi wonenepa. Shawna anathamangira pakhonde osavala jasi.

"Wathamanga," anatero a Reino asanafunsidwe. Mathalauza awo anali atanyowa mpaka m'ntchafu. "Ndamulasa bwinobwino kuseri kwa phewa, iye n'kuliyatsa liwiro ngati sindinamukhudze. Mpaka m'kati mwa mikungudza. Chikhala chakale bwenzi atagwa pomwepo."

"Mwagwiritsa ziti, Bambo?"

"Ukufunsa ziti? Zako zomwezi! Chaboola mapapo onse awiri n'kutulukira mbali inayo. Magazi ndiye anali ambiri pachipale, mwana akanatha kulondola. Koma bondo langali silinapangidwire madambo."

"Ndinawapeza atakhala pachitsa akukambirana ndi gwapeyo," anatero Wade. "Amamuuza za mpongozi wawo."

Patapita masiku atatu anachekera nyamayo patebulo la kukhitchini. Shawna anapempha nthiti za mbali imene chipolopolo chinalowera. Anazitengera pawindo n'kuyendetsa zala m'bala monse, kenako m'nyama yozungulira, pang'onopang'ono. Anapeza tizidutswa ta fupa, toyera. Anafufuzanso kachiwiri. A Reino anaima ndi mpeni m'manja, osamufulumizitsa.

"Mulibe," anatero Shawna.

Sanadziwe ngati afunse funso lotsala. Analifunsa atayang'ana nthitizo. "Nanga gwape wachiwiri? Poti uyu anathamanga."

"Wachiwiri ndimulasa paphewa penipeni. Chipolopolo chimenechi chimafuna fupa, ndachiona khalidwe lake." Anapukuta mpeni pathaulo. "Yotsala mufiriji ya chaka chatha ija ndidya ndekha ndi Wade, ife zathu zinada kale. Tenga chiwaya."

Anadula kanyama kofewa ka m'kati mwa msana, Shawna anakakazinga ndi batala. A Reino anakokera mpando pafupi ndi wa Aili n'kuyamba kuduladula tinthuli tochepa ngati nsonga ya chala. Shawna anatola kamodzi n'kulawa, mkuluyo anadikira mpaka atameza. Kenako anapereka kwa mdzukulu wawo. Aili anatafuna nthawi yaitali ndi mano ake asanu ndi limodzi, atakwinya nkhope, n'kutambasula dzanja kufuna kena.